Zitsekerero Kunsi kwa Nsapato za Amuna Anga

1

Ndiyambe ndi kunena kuti ine si mkazi wansanje. Mukafunsa atsikana a mu saluni mwanga akuuzani zina, koma amenewo ndi antchito, ndipo wantchito sayamikira bwana.

Amuna anga ali ndi butchala kumapeto kwa msewu wathu. Ndi chimunthu chachikulu, pakhomo amalowa cham'mbali. Kulankhula ndiye ayi. Ukawafunsa kuti malonda ayenda bwanji amati, "Eya." Ukawauza kuti denga likudontha amati, "Eya." Ndinawakondera chete wawoyo, poti ine ndimalankhula zokwanira anthu awiri. Kuvina ndiye musatchule n'komwe. Pa ukwati wathu anaima pakati pa holo ngati akudikira basi, ine ndikuwazungulira.

Tsono chaka chatha mtsikana wina wa mu saluni anakwatiwa, ndipo anandipatsa maiki kuti ndipereke malangizo. Ine ukandipatsa maiki wandipatsa mfuti. Ndinati, "Mwana iwe, uthokoze kuti wako amagwedezako chiuno. Ine ndinakwatiwa ndi firiji. Imaima pakona, imazizira, ikakhuta imangoti mmmm." Holo yonse inafa ndi phwete, ena mpaka kumenya matebulo. Amuna anga anangoti, "Eya," n'kupitiriza kumwa chakumwa chawo. Ine nkhaniyi ndinaiiwala ndisanafike n'kunyumba komwe.

Patapita miyezi ingapo, m'mawa wina ndikukazinga mazira, ndinamva phokoso lachilendo kubafa. Ndinayesa mpope waphulika. Nditatchera khutu, abale inu, firiji yanga ikuimba! Mawu sankamveka, inali nyimbo ya m'mphuno, yokwera ndi kutsika mwaulemu ngati ya azungu. Mazira anapserera ine ndili chiimire.

2

Mwina mukuti, kodi mwamuna kuimba m'bafa ndi mlandu? Kwanu kaya. Kwathu mwamuna akayamba kuimba timabisa sutikesi.

Bambo anga ankagwira ntchito yoonetsa kanema mu holo yaikulu ya m'tauni, imene pano anaisandutsa sitolo ya matayala. Ankakhala m'kachipinda kam'mwamba n'kumazunguza mafilimu akale a ku Hollywood, aja oti mwamuna ndi mkazi akukangana bwinobwino, mwadzidzidzi vayolini wayamba kulira kaya kuchokera kuti, basi onse awiri kukamwa yasa, akuimba. Mafilimu amenewa bambo anawalowa m'magazi. Ankaimba posamba, ankaimba pometa, ankatsika masitepe a pakhomo ngati pansipo pali mkazi wa diresi loyera akuwadikira. Ndipo mkaziyo analipodi. Anali mayi wogulitsa matikiti pa holo pomwepo. Ine ndili kamtsikana kosatha kudzipesa, bambo ananyamula sutikesi n'kupita ndi mayiyo, amene amayi mpaka lero amamutchula kuti Chitikiti.

Kuyambira pamenepo filimu yoimba m'nyumba mwathu inali ngati njoka. Ikangotulukira pa TV amayi ankazimitsa ngakhale ndi chala chakuphazi. "Mwamuna woimbira mkazi pa masitepe ndi mwamuna wopanda ntchito," ankatero. Ine ndinakula ndikudana nawo mafilimuwo osaonerako ngakhale imodzi, ndipo bambo ndinawafufuta mumtima. Amuna anga ankadziwa kuti nkhani ya bambo sitchulidwa pathu.

Ndiye mumvetse chimene ndinaganiza nditamva nyimbo ija. Zina zinabwera motsatana. Lachitatu lililonse masana butchala yotseka. Amuna anga akubwera madzulo thukuta kamukamu, malaya akununkhira perefyumu wa maluwa amene ine sindingapake ngakhale mutandigwadira. Mimba inayamba kuphwa. Tikamadya, phazi lawo linkagunda pansi lokha, ndipo tsiku lina ndinawapeza akumwetulira khoma.

"Bambo, kodi Lachitatu mumapita kuti?"

"Kokaona ng'ombe."

"Ng'ombe zake zopaka perefyumu?"

"Eya."

3

Lachiwiri lina ndikusesa m'galimoto yawo yonyamulira nyama, chabwino, ndikufufuza, ndinapeza phukusi kunsi kwa mpando. Munali nsapato zakuda, zatsopano, zopukutidwa mpaka kudziona nkhope. Nditazitembenuza ndinangoti kakasi. Kunsi kwake kunali zitsekerero za mabotolo, zophwathalitsidwa bwinobwino, zokhomedwa ndi timisomali kuchidendene ndi kuzala.

Ndinathamanga nazo ku saluni. Ndili ndi kasitomala wakale amene timamutchula kuti Wailesi, chifukwa nkhani ukamuuza m'mawa, masana uimva kumsika itabereka ana. Atangoziona anaika manja kumutu.

"Mayo! Asisi, awa ndi mankhwala. Mkazi wawakhomera kuti mapazi aziwatengera okha kwa iye. Achemwali anga zinawaonekera zomwezi, kungoti iwo anawaikira m'pilo."

Kuchoka apo ndinapita kwa amayi ndikulira. Amayi anatenga nsapato imodzi, anaitembenuza, anagogoda chitsekerero ndi chikhadabo. Kenako anakhala chete, chinthu chimene amayi anga sachita ngakhale ali m'tulo.

"Ukazibwezere pamene unazipeza," anatero. "Mawa ndipita nawe."

Ndinazibwezeradi. Lachitatu m'mawa, amuna anga atangotuluka, ndinatsegula kabati n'kutaya zovala zawo zonse kumsewu, aneba akuona. Mathalauza, maepuloni, ndi zam'kati zomwe. Ndinkafuna akabwera apeze ukwati utatha kale.

Masana amayi anandipeza ku saluni atavala diresi labuluu limene amasungira maliro a anthu olemera, milomo ili psu ndi lipisitiki.

"Amayi, tikupita kunkhondo, osati ku ukwati."

"Nkhondo zina zimafuna lipisitiki. Tiye."

Wailesi anali pampando, mutu womangidwa mbali imodzi, mbali inayo tsitsi lili nyankhalala. Atamva kuti tikunyamuka anadzuka ndi thaulo m'khosi. "Mudzamaliza mawa, izi sizindidutsa."

Tinakwera takisi n'kutsatira galimoto ya nyama cham'mbuyo. Pa mphambano chilole cha simenti chinatitchinga, galimoto n'kutisowa. Ine ndinayamba kutukwana dalaivala, koma amayi anangomugwira paphewa.

"Khotera kumanzere, mwana wanga, ukadutse kuseri kwa sitolo ya matayala."

Ukali unali utanditseka m'maso. Sindinafunse kuti njirayo akuidziwa bwanji.

4

Galimoto ya nyama tinaipeza itaima pa kanyumba ka mazenera obiriwira. Tinatsika, ine ndi ndodo ya mopu, Wailesi foni ili m'mwamba akujambula, amayi akukonza diresi. Tisanafike pakhonde tinamva malipenga ndi vayolini, komanso phokoso ngati matalala pa malata: kwa-kwa-ta, kwa-kwa-ta. Kenako mawu a mkazi.

"Gwirani m'chiuno, musaope, sindithyoka!"

Wailesi anagwira pakamwa. Ine ndinagunda chitseko ndi phewa, koma sichinali chokiya n'komwe, moti ndinatsala pang'ono kugwa chafufumimba. Nyimbo inali yokweza, palibe anandimva.

Mipando yonse anaikankhira kukhoma. Pakati pa chipinda anagonekapo chitseko chakale, ndipo pamwamba pake panali amuna anga, malaya oyera, nsapato zija kumapazi, dzanja lili m'chiuno mwa gogo wa wigi yopendekeka. Pa TV mzungu wa suti yoyera ankachita zomwezo ndi mkazi wa diresi lotambasuka ngati neti ya udzudzu. Koma chimene chinandiimitsa, mopu ili m'mwamba, n'chakuti amuna anga ankatha. Chimunthu chonse chija chinkangoyandama. Ankatembenuka, kumuponya gogoyo uko, kumulandira uku, zitsekerero zikuyankha ng'oma ya mu filimu osaphonya. Nkhope imene anali nayo sindinaionepo chikwatiranireni.

"Imani!"

Mawuwo anachokera pakona. Panali nkhalamba pampando, ndodo m'manja, maso oyera mbee, osaona.

"Mkamwini, tsitsani TV. Mwalowa alendo." Inapendeketsa mutu. "Mmodzi amakoka chidendene chakumanzere. Mayendedwe amenewo ndingawadziwe ngakhale ndili m'manda. Amake mwana, ndinu?"

"Ndine," anatero amayi. "Mwakalamba moipa."

"Ndiye wopumira m'mwambayu ndi mwana wanga."

Mopu inagwa yokha.

5

"Amayi," ndinatero, "mumadziwa?"

"Zitsekerero zophwathalala, misomali yopindira m'kati? Angakhome motero ndani winanso? Nsapato zanga za ukwati anaziononga ndi misala yomweyi. Mmene azungu amaikira zitsulo, iwo amatola za mabotolo." Kenako anatembenukira kwa gogo wa wigi uja n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Ndiye ndinu muli apa? Ndimayesa ndikupezani okongola."

Gogoyo, amene anali Chitikiti yemwe uja, anawongola wigi. "Khalani pansi, mayi, nditereke tiyi. Mwamunayu ndamusamalira zaka zonsezi. Ngati mwabwera kudzamutenga, mankhwala ake a m'maso ali pawindopo."

"Ndani akumufuna?"

Bambo anagunda ndodo pansi. "Mkamwini alibe mlandu. Anachita kundifunafuna yekha. Anati, 'Apongozi, ndamva kuti mumadziwa kuvina kwa m'mafilimu. Akazi anga anauza anthu kuti ndine firiji.' Ndinati kwerani pa chitsekopo ndimve, poti maso ndilibe. Tsiku loyamba ndinayesa ng'ombe yalowa m'nyumba. Koma lero mwamva nokha. Amafuna akuvinire iwe, mwana wanga, pa tsiku lokumbukira ukwati wanu."

Ndinayang'ana TV, ndipo mzungu wa suti yoyera uja anali akumwetulirabe ngati palibe chachitika.

"Zonsezi ndi mafilimu anu opusawa," anatero amayi.

"Opusa?" Bambo anawongoka pampando. "Ine ndawaonetsa moyo wanga wonse. Ndinkasuzumira pa kabowo kanga, mitu ya anthu ikuweyuka mumdima, wonyamula katundu ndi bwana wake mzere umodzi. Mkazi uja akatsegula pakamwa holo yonse inkasiya kutafuna. Sindinaonepo munthu atatuluka mu filimu yoimba n'kukamenya mkazi wake."

"Ine ndinaona wina atatuluka n'kukasiya mkazi wake."

Bambo anaweramitsa mutu. "Ameneyo ndikumudziwa," anatero motsitsa.

Mwina zikanathera pomwepo, tonse n'kumwa tiyi wa Chitikiti. Koma Wailesi, foni ikadali m'mwamba, anatsegula pakamwa.

"Asisi, ndiye zovala munataya kumsewu zija titani nazo? Mvula ikubweratu."

Amuna anga anandiyang'ana. Anatsika pa chitseko paja, anakhala pampando, n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato pang'onopang'ono.

"Mayi, zaka zonsezi ndinakulakwiranipo chiyani? Munaona kuti n'chapafupi kuti ine ndikhale wachimasomaso kusiyana n'kuti ndiphunzire kuvina."

"Koma bambo, munkati mukukaona ng'ombe."

"Bodza limenelo ndi langa. Zovala za kumsewu ndi zanu."

Anaika nsapato zija pamiyendo pa bambo n'kutuluka ndi masokosi okha.

6

Kunyumba sanabwere. Ankagona m'kachipinda ka kuseri kwa butchala. Vidiyo ya Wailesi inazungulira tauni yonse dzuwa lisanalowe. Oyendetsa matakisi akamadutsa pa butchala ankagunda mapazi n'kumakuwa, "Tivinireni, bwana, tigule mafupa!" Munthu amene ankapatsidwa ulemu msewu wonse ndinamusandutsa choseketsa. Zovala ndinazitola zitanyowa, ndinachapa, ndinasita, ndinatumiza mauthenga a pepani pafoni. Yankho silinabwere, ngakhale "Eya" amene. Ndinachita mantha, abale. Mwamuna wolalata amabwerera, koma wachete akachoka amachokeratu.

Ndinapita kwa bambo. Sikuti ndinali nditawakhululukira, koma anali munthu yekhayo amene amuna anga ankamuuza zakukhosi.

"Khala pansi uonere kaye," anatero.

"Sindinabwerere zibwana."

"Khala."

Chitikiti anaika filimu n'kundipatsa tiyi. Inali ya mtsikana wogulitsa zipewa amene ananyoza mwamuna wake pamaso pa anthu, mwamunayo n'kunyamuka kupita kokwerera sitima. Mtsikanayo anamuthamangira, ndipo m'malo mogwada n'kupepesa ngati munthu wabwinobwino, anaima pakati pa anthu n'kuyamba kuimba. Mawu ake anakwera, anakwerabe, tiyi wanga mpaka kuzizira iye asanapume. Mano oyera, tsitsi losasokonekera ngakhale wathamanga. Posakhalitsa onyamula katundu, apolisi, ndi osesa omwe anayamba kuvina, onse phazi limodzi.

"Zabodza izi," ndinatero. "Apolisiwa aphunzira liti? Nanga tsitsi limeneli anamumanga ndani?"

Bambo milomo yawo inkatsatira mawu alionse, nkhope italoza kukhoma. "Apa atembenuka," ankanong'ona. "Apa chipewa chigwa." Ndipo chipewa chinkagwadi.

Ndinapezeka ndikulira, molusa ndithu, chifukwa sindinkafuna. Ndinaona chimene chinawabera amayi mwamuna. M'mafilimu amenewa munthu akakonda amanena mokweza, pamaso pa aliyense, ndipo palibe womuseka. Bodza lake ndi lokoma moti ukatuluka panja umakwiya ndi msewu kuti bwanji sukuvina.

"Ndiye nditani?" ndinafunsa, ndikumina.

"Unamuvula pagulu kawiri," anatero bambo. "Pepani wa pafoni sakwana. Manyaziwo ukawasenzeko nawenso."

"Ine sinditha kuimba."

"Ndikudziwa. Uli khanda unkalira mosemphana ndi nyimbo."

7

Loweruka m'mawa butchala imadzaza mpaka pakhomo. Ndinasankha nthawi yomweyo. Ndinalowa, ndinaima pafupi ndi sikelo, ndinatseka maso n'kuyamba. Mawu achizungu a nyimbo ija sindinawagwire, ndiye ndinaikamo anga: ndinalakwa, bwererani, malaya ndasita. Mawu anga, kuti mudziwe, ali ngati geti losathira mafuta.

Vayolini sanabwere. Palibe anavina. Mayi wina anakumbatira chikwama chake. Bambo wina anafunsa mnzake ngati ndamwa m'mawa uno. Wina anandikodola n'kunena kuti, "Mayi, mzere uli uku." Ndinapitirizabe, thukuta ndi misozi zitasakanikirana, mpaka ndinafika paja mtsikana wa zipewa amakwera, ndipo mawu anga anathyoka ngati a tambala wachimfine. Anthu anaseka. Anasekadi, abale, ndipo ndinamva mmene kumawawira ukakhala kuti woseketsayo ndiwe.

Amuna anga anaika chimpeni pansi. Anapukuta manja pa epuloni.

"Mayi, mukundithamangitsira makasitomala."

"Sindisiya mpaka mubwere kunyumba."

Anandiyang'ana, kenako anati:

"Mwayambira pamwamba kwambiri. Tsikani, ndikugwirireni pansi."

Ndipo anaimba. Mawu aakulu, ofunda, ochokera pansi pa mimba, moti kuseka konse kunatha. Ine ndinkangotsatira m'mbuyo ngati ngolo. Titamaliza, mayi wa chikwama uja anaomba m'manja pang'ono n'kufunsa ngati chiwindi chilipo.

Madzulo ake ndinamva galimoto ya nyama ikuima pakhomo.

8

Owerenga anzanga, mukuyembekezera kuti ndikuuzeni kuti musiye nsanje. Ayi ndithu, ikhalepo, amuna ena amayendadi njira zokhotakhota. Changa n'chakuti munthu amene mumakhala naye nyumba imodzi musamamumalize. Ine amuna anga ndinawamaliza kalekale, ndinati ndi awa basi, sangasinthe, ndipo atasintha ndinaganiza tchimo lokha. Komanso mukapita kokagwira munthu, mnzanu wa foni muzimusiya pampando.

Amayi masiku ano amapita kwa bambo pafupipafupi, ati kukaona mmene akuvutikira. Amakangana ndi Chitikiti za shuga wa mu tiyi, filimu ikuimba, ndipo akuti amayi amadziwa mawu onse. Ine sindinafike powatchula kuti bambo pamaso pawo, koma mafilimu aja ndimaonera, ndipo ndimalira ngati chitsiru.

Tsiku lokumbukira ukwati wathu linafika. Ndinaphika, ndinatchena, ndinakankhira ndekha mipando yonse kukhoma. Titatha kudya ndinati, "Bambo, kuvina kuja. Ndionetseniko, lero ndili ndekha."

Anayang'ana pakati pa chipinda popanda kanthu paja. Kenako anandigwira dzanja, mwachikondi ndithu, osati mokwiya.

"Kunali kwanu, mayi. Ndinakonzera inu nokha. Pano aliyense ali nako m'foni."

Anadzuka n'kuyamba kubwezera mipando m'malo mwake, umodziumodzi. Ine ndinawathandiza.